Mawa Udzakhala Malume Anga

Sendera kuno, mphwanga, sindifuna kukweza mawu. Anamkungwi anena zawo, mafumu anzako adzanena zawo kukamacha. Ine andipatsa mpata uno wa pakati pa usiku chifukwa mwa onse amene adawaona agogo ndi maso ndatsala ndekha. Usiku uno ndikuti "iwe" komaliza. Mawa akakukhazika pampando, ukalowa dzina, sudzakhalanso mwana wa mlongo wanga. Udzakhala malume anga amene adandilipirira sukulu, udzakhala malume awo, udzakhalanso wosula makasu uja amene adafera kudimba. Ndidzavula chipewa, ndidzawomba m'manja, ndidzati "inu". Dzinalo sindilitchula muno. Pabanja pathu pano dzina likagona kumanda sitilidzutsa ndi pakamwa mpaka mbumba italinyamula ndi nthungululu.

Za kale kwambiri ndidutsapo msanga, pakuti n'za Achewa onse. Makolo adachokera ku Uluwa, m'dziko lomwe lero likutchedwa Congo. Aphiri adagwira ufumu wa Kalonga ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, Abanda adagwira za mvula. Mayi wa Kalonga ankatchedwa Nyangu, mkazi wake wamkulu ankatchedwa Mwali, wa kwa Banda. Undi adapatuka n'kulowera kumadzulo, ku Mano. Zimenezi Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, adazilemba m'buku lake la Mbiri ya Achewa, ndipo ukaliwerenge. Chimene sudzachipeza m'menemo, kapena m'buku lina lililonse lomwe ndidatsegulapo, ndi mayi mmodzi amene adachoka ku Msinja ndi ana ake aakazi awiri, mwana wamwamuna kumsana, ndi mlongo wake patsogolo.

Mayi ameneyo ndiye tsinde lathu. Ku Msinja kudali kachisi wa Makewana, m'mphepete mwa Dzalanyama, kumene mafumu ankatumiza nsembe mvula ikavuta. Tisadzikuze, sitidali a m'nyumba ya Makewana ife. Tidali anthu a ng'anjo. Mlongo wake uja ankasungunula chitsulo n'kusula makasu, ndipo dzina ulowe mawali lidachokera pantchito yakeyo. Nkhondo ya Angoni itafika kumeneko adathawa motsata Diamphwe, atamva kuti Mazengera wakwera ndi anthu ake paphiri la Nkhoma.

Agogo, amayi a amayi anga, adabadwira paphiripo, ndipo akamanena za kumeneko ankayamba ndi madzi. Mtsuko umodzi, adatero, unkakwera usiku, pamutu pa mkazi wopanda nyali, pakati pa matanthwe. Minda idali pansi, kudambo. Amuna ankalima wina ataimirira pachulu kuyang'ana kummwera kumene kunkachokera Angoni a Chikuse, wina kuyang'ana kummawa kumene kunkachokera Ayao a Tambala. Wogwidwa ankapita naye kunyanja, ndipo wopita kunyanja sankabwerera. Tsiku lina mlonda adaodzera, wosula makasu uja adalasidwa kudimba ali chiweramire. Iye ndiye woyamba. Iwe ndiwe wachisanu ndi chimodzi. Ndanena Angoni, ndanena Ayao. Usakazinyamule zimenezi kupita nazo pabwalo. Zidzukulu zawo zidakwatira m'mudzi uno, ena mwa ana amene udzawaweruze magazi awo ndi omwewo.

Tsopano tchera khutu, pakuti izi ndizo adandiitanira.

Agogo ankatiphunzitsa mbiri tikutong'ola chimanga m'kuka mwawo. Ankatenga njere n'kuziunjika milu itatu pamphasa. Mulu woyamba, bele lalikulu, ana a mwana wamkazi woyamba wa tsinde. Ndife amenewo, ine, amayi ako, iwe. Wachiwiri, bele laling'ono, a kutsidya kwa khwawa. Aliyense wobadwa, njere yake. Ankatchula mkazi, kenaka ana ake, kenaka ana a ana ake aakazi. Mwamuna ankatchulidwa kamodzi, njere yake osabala ina. Ndidafunsa tsiku lina kuti nanga ana anga adzakhala mulu uti. Adaseka n'kuti adzakhala pamphasa ya eni.

Mulu wachitatu ankauika chapatali pang'ono, dzanja lawo lili pamwamba pake ngati nkhuku pa anapiye. Chaka china cha njala paphiri paja, munthu wina adabwereka dengu la mapira kwa tsinde lathu, n'kusiya kamtsikana ngati chikole. Sadabwerenso. Kaya adafa, kaya adagwidwa, kamtsikanako kadakulira m'nyumba, kadavinidwa chinamwali pamodzi ndi ana a m'nyumbamo, kadakwatiwa ndi mwana wamwamuna uja adabwera kumsana. Zidzukulu zake ukuzidziwa, ndipo sindiloza nyumba. Mwambo umati iwowo salowa dzina. Koma agogo akatha kuwerenga ankasesa milu yonse itatu ndi chikhatho n'kuithira m'lichero limodzi, ndipo ankatiopseza kuti wotchula mawu oti "kapolo" pabwalo adzafa pakamwa pali potupa. Mafumu asanu asunga zimenezi. Mlandu ukadzatentha, wina wa bele lathu adzafuna kupambana ndi mawu amenewo. Umudule asanamalize, umulipitse mbuzi. Ine kumtima kwanga ndikadakonda kuti tsiku lina mbumba idzagwire mwana wa mulu wachitatu, chifukwa ndi iwo adadwazika agogo, ndi iwo adadwazika amayi anga pomwe ine kudalibe. Koma wogwira mfumu ndi ntchembere, si ine, si iwe.

Wachiwiri pa dzinali ndiye mwana wa kumsana uja. M'chaka cha 1896 azungu adapha Gomani, ndipo chaka chomwecho amishoni a Dutch, amene adayambira ku Mvera mu 1889, adamanga m'tsinde mwa phiri la Nkhoma. Anthu adayamba kutsika. Iye adawoloka Linthipe ndi alongo ake n'kudzakhoma chikhomo pano, Chongoni kutsogolo, Nkhoma kumbuyo. Kachere wa pabwalo uja adabzala ndi iye, nthambi yake adachita kuchoka nayo kuphiri. Malire adayenda ndi mfumu ya mbali iyo: kuyambira pamwala wosweka, kutsata khwawa, kukafika pamsuku waukulu umene udagwa chaka chomwe iwe unkayamba sukulu. Chitsa chake chikadalipo, ukachione sabata ino ndi anthu awiri a mbali iyo, mvula isadachikwirire.

Wachitatu ndiye adakumana ndi buku. Mu 1912 boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo loika mafumu pansi pa Bwana Disi, mudzi uliwonse ulembedwe, ndi mwini wake, ndi nyumba zake za msonkho. Tsiku lomwe kalaliki adafika, mfumu idabisala m'nkhokwe. Usamuseke, munthu amene adaona wosula makasu uja atalasidwa sankathamangira alendo onyamula mfuti. Amene adatuluka kukalankhula adali mkamwini wina wodziwa kuwerenga pang'ono, ndipo dzina lomwe lidalowa m'buku lidali lake. Kwa zaka zingapo mudzi uno udali ndi mafumu awiri, ya pabwalo ndi ya m'buku. Mkamwini uja adayamba kugawa minda. Apo ntchembere zidanyamuka, agogo ali m'gulumo ndi mwana kumsana, ulendo wapansi mpaka ku boma ku Dedza. Zidakhala pakhomo pa ofesi masiku atatu, zikuphika pomwepo, mpaka dzina lidafufutidwa n'kulembedwa loyenera. Patapita zaka zambiri ndidaipeza nkhaniyi m'mabuku akale a boma ku Zomba. Idali mizere iwiri. Mayina a amuna awiriwo adalimo. Amayi aja adangolembedwa kuti gulu la akazi.

Mfumu yomweyo ndiyo idavutika ndi mtengatenga pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Boma linkafuna amuna onyamula katundu wa asilikali kupita kumpoto, ndipo wosankha adali mwini mudzi. Woyamba kumupereka adali mphwake weniweni, amene mbumba inkamuyang'ana kuti ndiye adzalowe dzina. Sadabwerere. Amene adabwerera adafika pamodzi ndi chimfine chija cha 1918, ndipo manda a kumsitu adakula chaka chimodzi kuposa zaka makumi awiri za m'mbuyo mwake. Ndi chifukwa chake dzina lidadzagwera malume anga ali mnyamata.

Amenewo ndiwo ndidawadziwa. Ndidabadwa mu 1941, m'nyumba yozungulira imene idali pomwe pali chigayo lero. Idali ndi khonde lotsika kotero kuti wamkulu ankalowa chowerama, mkati mwakuda ndi mwaye, mbuzi kuseri kwa chitseko nthawi ya chisanu. Chisanu cha kuno mu Juni umachidziwa. Ife tinkachilandira ndi kansalu kamodzi, anyamata asanu m'mphala, moto pakati. Tinkakumba mbewa m'ziputu akakolola, tinkatola masuku ku Chongoni mvula ikamayandikira. M'mapanga a kumeneko tinkabisala mvula pansi pa zithunzi zofiira zija, zomwe akulu ankati adajambula Akafula, ndi zoyera zija zomwe alongo athu ankatiletsa kuzifunsa. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malo amenewa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi, malo 127. Ife tinkawotcherapo mbatata.

Mu 1949 kudagwa njala, yomwe idasautsa kwambiri anthu a kummwera. Kuno nkhokwe zidali ndi kanthu, ndipo anthu ankafika kudzasuma, miyendo itatupa. Malume adatsegula nkhokwe yawo yaikulu n'kulamula kuti mlendo asagone ndi njala m'mudzi muno, ndipo amayi ankaphika phala mumphika wa mowa. Mabanja awiri a kumapeto kwa mudzi adafika nthawi imeneyo. Minda yawo adapatsidwa pamaso pa anthu. Wina asadzakunamize kuti adangobwereka.

Malume adali mwini mzinda. Gule akatuluka, ng'oma zinkagwedeza nthaka mpaka m'mphala mwathu. Amayi adali Mkhristu wa ku Nkhoma, wa Buku Lopatulika lija lidatuluka mu 1922, ndipo masiku amenewo wopita kudambwe ankadulidwa mumpingo, mwana wa sukulu akapezeka ku gule ankachotsedwa. Awiriwa, mlongo ndi mlongo, adapangana pa ine. Ndidamva ndili kuseri kwa nkhokwe. Malume adati mwana uyu ndi wa dzina, agule njira. Amayi adati mwana uyu ndi wa sukulu. Adakangana mpaka nkhuku zidalowa m'khola. Pomaliza malume adati: chabwino, apite, kuti tsiku lina kalaliki akadzabweranso ndi buku, wolembamo adzakhale wathu. Kuyambira pamenepo fodya wawo wa chikopa ndiye ankalipira fizi yanga. Chaka china mitengo itagwa adagulitsa ng'ombe ya mkaka.

Bambo anga adali mkamwini wofatsa. Adapita ku Wenela ndili wakhanda, adabwera ndi njinga ndi sutikesi ya chitsulo, adalima dzinja ziwiri, adanyamukanso kupita ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo adatchona. Sindiwada, msonkho unkafuna ndalama ndipo ndalama zidali kumeneko. Koma tsiku loyamba kusukulu aphunzitsi adafunsa dzina la bambo, ndipo ndidalembedwa nalo. Dzina limenelo ndilo lili pa masatifiketi anga onse, pa pasipoti, pa chikuto cha buku langa la digiri. La munthu amene adagulitsa ng'ombe palibe paliponse.

Ndidalowa Dedza Secondary School, sukulu imene idatsegulidwa mu 1951, ndipo ndidali komweko pa 3 Malichi 1959 pamene boma lidalengeza za ngozi n'kumanga Kamuzu ndi anzake. Ndidaphunzitsako zaka zingapo, kenaka mu 1965 Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa ndidalowa Chancellor College, ikadali ku Chichiri isadasamukire ku Zomba. Mu 1971 ndidakwera ndege kupita ku Edinburgh kukachita maphunziro a mbiri yakale. Usiku woti ndinyamuka mawa, malume adanditengera pansi pa kachere, adathira ufa patsinde, adatchula akufa onse kuti andiperekeze. Amayi adaima patali, adatseka maso, adapemphera pemphero lawo. Ndidapita ndi zonse ziwiri.

Ku Edinburgh chidandigonjetsa ndi mdima, osati kuzizira. Mu Disembala dzuwa limalowa isadakwane 4 koloko masana. Ndinkakhala m'kachipinda ka pamwamba ku Marchmont, moto wake wa gasi woti uponyemo ndalama kuti uyake, ndipo ndalama ikatha ndinkawerenga nditafunda bulangete. M'mawa ndinkadutsa the Meadows kupita ku George Square, kapena ku National Library of Scotland pa George IV Bridge kumene kuli makalata a amishoni a Chisikoti. Ufa wa chimanga kudalibe. Tinkaphika nsima ya semolina, Amalawi anayi kapena asanu Loweruka madzulo, Mtumbuka, Mlomwe, Mtonga, ine, tonse pa mbale imodzi, ndipo kumeneko ndi kumene ndidayamba kudzitcha Mmalawi ndi mtima wonse. Pakati pa mzindawo pali phiri, Arthur's Seat. Ndinkalikwera ndekha Lamulungu, chifukwa ukakhala pamwamba pake mphepo imawomba ngati ya pa Chongoni.

Mzinda umenewo umatidziwa kuposa momwe ndinkaganizira. Kamuzu adaphunzira udokotala kumeneko. Pa yunivesite padali Pulofesa George Shepperson, amene pa nkhondo yachiwiri adali ndi asilikali a Nyasaland ku Burma, ndipo pamodzi ndi Thomas Price adalemba buku la John Chilembwe lotchedwa Independent African mu 1958. Tsiku lina m'laibulale ndidawerenga za ulendo wa David Livingstone wa mu 1866, pamene adadutsa dziko lathu lino kulowera ku Dzalanyama, n'kulemba za ng'anjo ndi osula zitsulo amene adawapeza m'midzi. Ndidatseka bukulo manja akunjenjemera. Mwina mmodzi mwa osulawo adali wathu. Mzungu wodutsa adaona utsi wa ng'anjo n'kulemba, ndipo cholembedwacho chidasungika zaka zoposa zana m'nyumba ya miyala. Zomwe agogo ankadziwa, mayina a anthu oposa zana, zidali m'mutu mwa anthu awiri kapena atatu okha, ndipo agogowo adali atamwalira kale.

Mu 1973 ndidabwera kudzachita kafukufuku, nditanyamula tepi rekoda yolemera ngati mwana wa mbuzi. Ndidayenda midzi yambiri, kuno, kwa Mazengera, kwa Chadza, mpaka ku Msinja. Paliponse ndinkafunsa mfumu ndi nduna zake, amuna okhaokha, chifukwa ndinkafuna mndandanda wa mafumu, uyu adalowa m'malo mwa uyu, kuti ndiwerengere zaka. Pano ndidakhazika malume pansi pa kachere masiku awiri. Amayi ankasinja chapafupi. Malume atasokoneza dzina la mwana wachiwiri wa tsinde, amayi adaimitsa musi n'kuwakonza, osatembenuka n'komwe, kenaka adapitiriza kusinja. Ine ndidalemba dzina lolondolalo m'kope, pansi pa dzina la malume. Sindidatembenuze makina aja kuloza kumtondo. Ndidali ndi matepi okwanira, ndidali ndi masiku okwanira. Nditabwerera ku Scotland ndidayala timakadi tanga pansi kuti ndione mafumu atsatana bwanji, koma sankalumikizana, mwana sankatsata bambo, mng'ono sankatsata mkulu. Adalumikizana pokhapokha nditawaunjika milu, monga pamphasa paja, kutsata amayi awo. Digiri ndidalandira, anthu adayamba kunditcha Dokotala. Koma mayina a akazi a milu imeneyo ndidali nawo osakwana theka.

Mu 1978 malume adamwalira. Kalata idandipeza patatha masabata asanu, yolembedwa ndi mphunzitsi wa pano, mawu a ntchembere: takugwira iwe, bwera. Ndikuuza zoona zokhazokha usiku uno, choncho ndikuuza zifukwa zonse zitatu. Choyamba, nthawi zidali zoipa. Anzanga ena ophunzitsa adali m'ndende popanda mlandu, makalata ankafika atatsegulidwa, ndipo wina adanditumizira mawu kuti dzina langa lamveka pamalo oipa chifukwa cha anthu amene ndinkadya nawo nsima ija. Chachiwiri, sindidagule njira. Mwini mzinda wosadziwa kudambwe ndi mlendo pabwalo lake lomwe. Chachitatu, chomwe sindidalembe m'kalata yoyankha, n'chakuti ndidali nditakwatira, ndili ndi ana awiri ndi ntchito, ndipo sindinkafuna kuzisiya. Ndidakana. Ng'ombe ija idagulitsidwa kuti wolemba m'buku adzakhale wathu, ndipo tsiku litafika ine kudalibe.

Za ana angawo ndinenepo pang'ono, chifukwa adzabwera ndipo udzawalandira ndiwe. Kwa amayi awo mtundu umatsata bambo, choncho kumeneko amati ndi Amalawi. Kuno mtundu umatsata mayi, choncho timati ndi a ku Scotland. Mbali iliyonse imawapereka mwaulemu kwa inzake. Chichewa chawo n'cha moni ndi zikomo, ndipo wolakwa ndine, ndinkafika kunyumba nditatopa n'kumalankhula chimene chidali pafupi. Wamkaziyo adandifunsa chaka chatha ngati angapeze kamalo kuno koti amangepo kanyumba. Njere yake ili pamphasa ya eni, agogo adanena kale. Koma ana a mfumu ndi ana a mudzi, ndipo mwambo sudawathamangitsepo. Udzakambirane ndi mbumba.

Ntchembere zitalandira kukana kwanga zidakhala m'nyumba usiku wonse, ndipo m'mawa zidagwira alongo anga, amayi ako aakulu. Ena adang'ung'udza. Koma mfumu yaikazi si chachilendo pa Achewa, ndipo za kudambwe adaziika m'manja mwa wakunjira ndi akulu a bele laling'ono, iwo n'kugwira bwalo ndi nthaka. Sadapitirire Sitandade 3. Adaweruza milandu zaka zoposa makumi anayi, ndipo m'zaka zonsezo mlandu wa malire wochoka pano sudakafikepo kwa gulupu kawiri.

Ine ndidasamukira ku Lusaka kukaphunzitsa pa University of Zambia, ndikudzinyengerera kuti ndayandikira. Kuchoka kumeneko kufika pano ndi ulendo wa tsiku limodzi. Amayi adamwalira mu 1983 ndili komweko. Ndidakwera basi mpaka ku Chipata, ndidafika pachipata cha Mwami, ndidayang'ana msewu wolowera ku Mchinji, ndidabwerera. Adzukulu adakumba, adaika, adameta, ine ndili m'chipinda cha alendo ku Chipata.

Chaka chotsatira Kalonga Gawa Undi adadzutsanso mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, ndipo patapita zaka zingapo alongo anga adapeza njira yobwerera ndi gulu la kuno. Ndidawapeza kuseri kwa misasa atakhala pamphasa, nduna ziwiri pambali. Tidali tisadaonane zaka zoposa khumi. Ndidathamanga kuti ndiwakumbatire monga amachitira kumene ndidakhala, koma nduna ina idandigwira mkono. Ndidazindikira. Ndidavula chipewa, ndidakhala pansi pafumbi, ndidawomba m'manja. Adandiyang'ana nthawi yaitali n'kundilonjera ndi liwu la malume, adanditcha mphwawo, adandifunsa ngati sukulu ija adandituma idatha. Ndidati idatha. Adati nanga bwanji sudabwere kudzapereka malonje. Ndidalibe yankho. Madzulo nduna zitachoka adamasula kansalu, mudali chigumu ndi mtedza wokazinga wa m'munda wa amayi, wa mbewu yomwe ija, ndipo apo adakhalanso mlongo wanga, tidalira maliro aja tonse awiri.

Ndidalowanso m'dziko lino mu 1994, pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi. Ndidafikira kumanda. Kenaka ndidatenga kope, ndidakhala pakhonde pa alongo anga, ndidawapempha kuti atong'ole chimanga. Adaunjika milu itatu. Miyezi iwiri tidakhala tikuwerenga, iwo akutchula, ine ndikulemba, ntchembere za mabele onse zikubwera kudzakonza. Ena adali atatayika kale, makamaka a nthawi ya paphiri. Pamenepo ndidasiya mipata. Kopelo ndi ili, lakutidwa m'pulasitiki chifukwa cha chiswe. Mulu wachitatu ndidaulemba pakati pa inayo popanda chizindikiro chilichonse, wodziwa yekha ndiye angauzindikire. Usaliike m'sutikesi yako. Likhale kwa alongo ako, ndipo mwana akabadwa alembemo ndi iwo. Iwe ukafuna kuona, uzikapempha.

Boma lidzakupatsa buku lakelake, ndi chidindo, ndi kandalama ka pamwezi. A makuponi adzabwera, a mabungwe adzabwera, ogula malo ochokera ku Lilongwe adzabwera ndi galimoto zoyera, ndipo adzakutcha mayina okoma. Dambo la kumunsi alongo anga adakana kuligulitsa katatu. Muli madimba a mabanja makumi awiri, ndipo ndi momwe mudzi umathawira mvula ikadula.

Tambala woyamba uyo. Anamkungwi abwera posachedwa kudzakumeta, ndiye ndisanatuluke pali chinthu chimodzi. Matepi aja a 1973 mwana wanga wamkazi adawasamutsira mufoni iyi. Tenga, dina apa, maso anga saona tizilembo iti. Awo ndi malume, liwu lomwe udzalankhule nalo mawa. Akunena za kutsika paphiri. Uwamvere bwino tsiku lina. Pakali pano mvera kuseri kwa mawu awo. Wamva? Di, di, di. Ndi musi umenewo. Ndi amayi anga, agogo ako. Ku Marchmont ndinkabweza malo amenewa mpaka tepi idayamba kulira. Dikira pang'ono, pakubwera pomwe aimitse. Apo. Kweza mawu, atchula dzina la mwana wachiwiri wa tsinde kamodzi kokha.